Achemwali, ndewu ilipo m'nkhani yanu, koma mtsikanayo sakutaya kanthu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri pamodzi ndi chidule cha nkhani chimene mwaika pansi pake. Mwati munalemba nkhani yaifupi ya mtsikana wa ku Bembeke amene amalume ake akufuna kumukwatitsa kwa mkulu wina wopikula mbatatesi. Mtsikanayo akukana, akumenyedwa, akuthawa usiku, minibasi imene wakwera ikuchita ngozi, kenako akufika kwa amfumu n'kupulumutsidwa. Amene anakuwerengerani akuti nkhaniyo ilibe mkangano wamkati, ndiye inu mukufunsa kuti ndi mavuto onsewa chasowanso n'chiyani.

Anena zoona, ndipo musawakwiyire. Nkhani yanu ili ndi maziko abwino, kungoti yaima ndi mwendo umodzi.

Mkangano wakunja ndi uja munthu wodutsa pamsewu angauone ndi maso. Mpangankhani, ndiye kuti munthu amene nkhani ikukamba za iye, akulimbana ndi munthu mnzake, kaya ndi mwambo wa pamudzi, kaya ndi chilala, matenda, umphawi, ngakhale zamizimu. Umenewu inu muli nawo wambiri, moti wina mukhoza kugawirako anzanu a m'gulu lino la olemba. Wamkati ndi wakuti munthuyo akukangana ndi mwini wake. Mtima wake ukufuna zinthu ziwiri, zonse zofunika kwa iye, koma kuti atenge chimodzi ayenera kusiya chinacho, ndipo chosiyidwacho chimupweteka.

Taonani mtsikana wanu. Kuyambira mzere woyamba akufuna chinthu chimodzi basi, kuthawa. Sakayika, sacheuka. Ine woŵerenga ndagwirizana naye kale ndisanamalize ndime yoyamba, ndiye chimene chanditsalira n'kungodikira kuti afika kapena safika. Mwalemba kuti analira usiku wonse, kuti mtima wake unadzaza ndi chisoni. Kulira ndi chisoni zikundiuza kuti akuzunzika, ndipo ndikumumvera chifundo, koma munthu akhoza kuzunzika koopsa mtima wake uli phee pa chimene akufuna. Mtsikana wanuyu pothawa sakusiya chilichonse chimene amachikonda. Amalume ndi chilombo, mkulu wa mbatatesi ndi chilombo, amayi ake sakuoneka n'komwe. Aliyense angathawe pamudzi wotero osacheuka.

Sindikukuimbani mlandu, chifukwa tonse tinakulira m'nthano. Kalulu sagona akuganiza ngati zimene wamuchita njovu zinali zabwino. Fisi ndi wadyera lero, mawa ndi mkuja. Nthano inapangidwa motero dala kuti mwana agwire phunziro moto usanazime. Kenako tinamva masewero ambiri a pawailesi ndi a pamisonkhano ya chitukuko, momwe uthenga umayenda patsogolo, anthu n'kumatsatira pambuyo atanyamula zikwangwani za "woipa" ndi "wabwino". Tikatenga cholembera dzanja limathamangira komweko lokha. Nkhani yaifupi yamakono imafuna munthu amene sitingamalize kumudziwa pa tsamba loyamba.

Pali chinthu china chimene chikufooketsa mkangano wanu wakunjawo. M'dziko muno lamulo lili kale kumbali ya mtsikanayo. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nazo. Kuno ku Dedza komwe, Inkosi Kachindamoto ya ku Mtakataka idatchuka mpaka kunja chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankawaloleza. Woŵerenga wanu akudziwa zonsezi. Akudziwa kuti mtsikanayo akangofika pabwalo n'kutsegula pakamwa, ukwatiwo watha. Ndiye funso limene lingamugwire woŵerenga ndi lakuti: ngati khomo lili lotsegula chonchi, n'chifukwa chiyani atsikana ambiri satulukapo? Chimawamanga miyendo n'chiyani? Nkhani yanu yeniyeni yabisala pamenepo.

Tiyeni tiyesere. Mkulu wa mbatatesi uja asakhale wongofuna mkazi. Akhale kuti chaka chatha adawakongoza amayi a mtsikanayo matumba awiri a feteleza. Mukukumbukira momwe mitengo idakwerera ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023; mlimi wa mbatatesi wopanda feteleza amakolola timiyala. Mbatatesiyo idagwidwa ndi chiwawu, ngongole sinabwezedwe, ndipo dimba limene banja lonse limadyapo ndi limene adalonjeza ngati chikole. Amalume aja, kapena atsibweni monga ena timanenera, akhale omwe aja akhala akumulipirira fizi chimwalirire bambo ake, omwe adamukweza panjinga usiku kupita naye kuchipatala ali ndi malungo ali mwana. Iwo ndi mwini mbumba, ngongole ya mlongo wawo ndi yawo, ndipo njira ina sakuiona. Zimene akuchitazo n'zoipa ndithu, ndipo nkhani isazichepetse. Koma tsopano mtsikanayo akathawa, amayi ake ataya dimba. Akakanena kwa amfumu, akuneneza munthu amene adamulera. Akakhala, wataya sukulu ndi moyo wake womwe. Amalume ndi omwe aja, ukwati ndi womwe uja, koma kuthawa kwasanduka chinthu cholemera.

Ndikuuzeni momwe ine ndinadziwira kuti mkangano wamkati umaoneka m'manja. Ndinakulira pafupi ndi msika wa Lizulu ku Ntcheu, paja msewu wa M1 umayenda m'malire, uku Malawi, kutsidya kwa tala Mozambique. Tchuthi chilichonse ndinkathandiza amayi kugulitsa mbatatesi. Aliyense wogulitsa pamenepo amadziwa kathiridwe ka m'ndowa: zing'onozing'ono ndi zotemeka ndi khasu pansi, zikuluzikulu zosalala pamwamba, mulu wake wosongoka bwino. Amayi adandiphunzitsa ndili ndi zaka khumi, ndipo kaphindu kathu kanali pamenepo. Tsiku lina galimoto itaima, amene anatsika anali aphunzitsi anga a Sitandade 6, omwe chaka chimenecho adandigulira makope ataona kuti ndikulemba masamu ndi Chichewa m'kope limodzi. Analoza ndowa imene ndinathira ndekha m'mawa umenewo. Amayi anali chapafupi, akuwerenga ndalama pa nsonga ya chitenje, koma diso lili kwa ine. Ndinagwada kuti ndikhuthulire m'thumba, ndipo ndimakumbukirabe kuti ndinalikweza thumbalo mpaka kukamwa kwa ndowa, n'kulikulunga, kuti zapansizo zilowe osaoneka. Kenako aphunzitsi akufufuza ndalama, ndinatola mbatatesi zitatu zazikulu pa mulu wina n'kuponyamo mwachangu. Amayi anaona. Sananene kanthu mpaka madzulo, ndipo madzulowo anangoti, "Zitatu zija ndi sopo."

Palibe amene anamenyedwa tsiku limenelo, palibe amene anakweza mawu. Koma mutalemba zimenezi monga ndafotokozeramu, simufunikanso kuwonjezera kuti mwanayo anagawanika mumtima pakati pa amayi ake ndi aphunzitsi ake. Thumba lokulungidwa lanena, mbatatesi zitatu zanena.

Chitani chimodzimodzi ndi usiku wothawa uja. Panopa mwaulemba m'mizere iwiri, pomwe ngozi ya minibasi mwaipatsa tsamba lathunthu. Tembenuzani. Ukhale mwezi wa June, kuzizira kwa ku Bembeke kuja kolowa mpaka m'mafupa. Mtsikana wamanga yunifolomu ndi makope m'chitenje, akunyang'ama mumdima kulowera kukhomo. Phazi lake likukhudza matumba opanda kanthu a feteleza uja, amene amayi adawapinda bwino n'kuika pakona kuti adzayanikirepo ufa. Akuima. Akuchotsa mpiringidzo pang'onopang'ono. Ndiye pamphasa paja amayi, amene iye amayesa kuti agona, akuyankhula osadzuka, osatembenuka: "Utenge juzi, kunja kukuzizira." Mukatero, woŵerenga wadziwa kuti mayiyo wamva zonse, wadziwa zimene ataye mwanayo akapita, ndipo wamulola. Mtsikanayo tsopano sangadzinamize kuti akuthawa adani. Akusiya munthu amene akumukonda, m'manja mwa ngongole. Ndipo mwapha mbalame ziwiri, chifukwa mayi uja nayenso mkangano wake waonekera m'mawu anayi okha.

Za ngozi ya minibasi, ine ndikanaichotsa. Chochitika chilichonse chakunja muzichifunsa kuti chikukhudza bala la mumtima mwa mpangankhani kapena ayi. Ngoziyo ikanamugwera wina aliyense wopita ku Dedza boma kukagula malata. Siikumukakamiza kusankha chilichonse, ikungomuchedwetsa. Nkhani yaifupi malo ake ndi ochepa ngati dimba la m'mbali mwa mtsinje, simungadzalemo chilichonse chimene mwapeza. Mkangano umodzi wakunja, umodzi wamkati, ndipo ziwirizo zimangiriridwe pa chinthu chimodzi. Kwa inu chinthucho ndi ngongole ya feteleza. Ngati mukufuna kanthu kochitika panjira, akumane ndi mng'ono wake wamng'ono atamutsatira wopanda nsapato, kapena adutse pa dimba lija kukucha. Zimenezo zikumukoka kuti abwerere, ndiye zikugwira ntchito.

Kenako pampondachimera, pomwe nkhani imafika pachimake. Mmene mwalembera, amfumu ndi amene akuthetsa zonse, mtsikana wangokhala pansi. Pachimake pa nkhani, wosankha akhale mwini nkhaniyo, ndipo kusankhako kuoneke mwa zochita kapena mawu amene sangabwezedwe. Ikani bwalo. Anthu akhala pansi pa mtengo, amalume ali poteropo, chipewa chili pabondo, sakumuyang'ana. Amfumu akufunsa poyera kuti, "Mwanawe, wakukakamiza ndani?" Apa mikangano iwiri ija yakumana pa mpando umodzi. Akatchula dzina, wapulumuka, koma amalume alipa chindapusa kapena atengedwa ndi apolisi, ndipo pamudzi adzamuloza zala kuti adagulitsa womulera. Akakhala chete, bwalo libalalika. Akhozanso kuyankha mwa njira imene inu ndi ine sitinaiganizire, mwina kutchula ngongoleyo m'malo mwa munthu. Chilichonse chimene anene, atuluke pabwalopo atapeza china, atataya china, ndipo woŵerenga achione chotayikacho. Mwina pobwerera amalume akudutsa ndi njinga yomwe ija osaima.

Ndichenjezenso za mbali inayo, chifukwa ena akamva uphungu uwu amapitirira nawo. Ndawerengapo nkhani za munthu atakhala pakhonde masamba asanu, akuganiza, akukumbukira, akudzifunsa mafunso, dzuwa n'kulowa asanadzuke. Imeneyonso yaima ndi mwendo umodzi. Maganizo a mumtima amafuna chinthu chakunja chowafulumizitsa, paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Payenera kukhala tsiku loikika, munthu wogogoda, galimoto yonyamuka mawa m'mamawa. M'nkhani yanu nenani kuti mkulu uja abwera Loweruka kudzatenga mkazi wake kapena dimba lake. Tsikulo likamayandikira, mtima wa mtsikanayo sungapitirize kuzengereza.

Njira yomweyi imathandizanso pa nkhani zikuluzikulu za kwathu kuno. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique idathamangitsira anthu miyandamiyanda ku Dedza ndi ku Ntcheu, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Ambiri tikukumbukiranso njala ya 2002. Nkhondo kapena njala yonse singalowe m'masamba anayi. Chimene chingalowe ndi mayi mmodzi amene watsala ndi dengu limodzi la chimanga, ana ake anayi ali m'nyumba, ndipo pakhomo paima msuweni wake wochokera kutsidya kwa msewu ali ndi ana ake atatu. Nkhondoyo woŵerenga aimva kudzera m'dzanja la mayiyo pamene likuyeza ufa.

Mwafunsanso ngati pamayeso mungasiyanitse bwanji mkangano wakunja ndi wamkati. Dzifunseni kuti mpangankhaniyu akulimbana ndi ndani. Ngati yankho lili ndi dzina kapena mungaliloze ndi chala, ndi wakunja. Ngati yankho ndi mantha ake, manyazi ake, chikondi chake pa wina, chikumbumtima chake, ndi wamkati, ndipo poyankha tchulani mbali zonse ziwiri zimene zikumukoka, osangoti "anali ndi nkhawa".

Kumenya kwa amalume musakuchotse, koma muone chimene akuchita akangomaliza. Mwina akutuluka n'kukakhala kuseri kwa khola nthawi yaitali. Mwina m'mawa mwake akusiya ndalama ya mandasi pazenera monga ankachitira iye ali ku pulayimale, osanena kanthu. Mtsikanayo aitenga ndalamayo kapena aisiya pomwepo? Ine sindikudziwa, ndipo ndikufunitsitsa kudziwa. Lembaninso usiku uja ndi bwalo lija, masamba awiri okha, mudzaike m'gulu muno. Ndidzawerenga.