Za Bastet, mulungu wa mutu wa mphaka

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti anthu akale a ku Egypt ankapembedza mphaka, komanso ngati zimenezo sizinali zaufiti. Ndaona ena akuyankhani kale kuti n'zamizimu yoipa basi. Ine ndikuti tiyambire kunkhokwe.

Anthu a m'mbali mwa Nile ankadalira tirigu ndi barele. Akakolola, makoswe ankabwera, ndipo pomwe pali makoswe njoka sizichedwa kufika. Amene munakulira kumudzi mukudziwa mtima umene munthu amakhala nawo akaona mphaka atagona pansi pa nkhokwe, khutu limodzi lili tcheru. Kwa iwo kanyama kameneka kankalondera chakudya cha chaka chonse, n'kumaphanso njoka pabwalo poseweramo ana.

Amene ankamupembedza kwenikweni ndi mulungu wamkazi wotchedwa Bastet, mwana wa Ra, mulungu wa dzuwa. Mphaka anali nyama yake yopatulika. Poyamba ankamusema ndi mutu wa mkango waukazi, wolusa, woteteza mfumu. Cha m'ma 1000 Yesu asanabadwe anayamba kuoneka wofatsa: mayi wa mutu wa mphaka, chisekese kudzanja, tiana ta mphaka tili pamapazi ake. Azimayi ofuna mwana ndi oyembekezera ankamudalira kwambiri.

Kachisi wake wamkulu anali ku Bubastis, komwe lero ndi mabwinja a Tell Basta, pafupi ndi mzinda wa Zagazig. Mukatsegula Ezekieli 30:17 muupeza mzindawu, wotchulidwa kuti Pi-beseth. Herodotus, Mgiriki amene anayenda ku Egypt cha m'ma 450 Yesu asanabadwe, analemba za chikondwerero cha kumeneko. Anthu ankapita pamabwato, amuna ndi akazi pamodzi, zitoliro zikulira, m'manja mukuombedwa, nyimbo ili pakamwa. Akafika pamudzi wa m'mbali mwa mtsinje ankakocheza, azimayi n'kumavina ndi kunyogodola azimayi a pamudzipo. Iye anati ankasonkhana anthu 700,000 osawerengera ana, ndipo vinyo womwedwa pamenepo ankaposa wa chaka chonse. Ndiye za ufiti mwafunsazo ayi. Ufiti ndi wa usiku, wobisa. Izi zinkachitika dzuwa likuswa mtengo, m'kachisi womangidwa ndi mafumu. Herodotus analembanso kuti mphaka akafa pakhomo, a m'nyumbamo ankameta nsidze polira maliro.

Koma pali mbali imene imandiwawa, ndipo sindingakubisireni. Wopita kukachisi ankagula mphaka woumitsidwa, wokulungidwa bwino m'nsalu, kuti akapereke nsembe limodzi ndi pemphero lake. Ogula atachuluka, amphaka ofa okha sanakwanire. Akatswiri atawaunika ndi makina a X-ray, anapeza kuti ambiri anali aang'ono, osakwana chaka, ena makosi atathyoledwa. Ankawaweta dala kuti awaphe, m'dziko lomwelo limene Diodorus, wolemba mbiri wina wachigiriki, analemba kuti khamu la anthu linapha Mroma chifukwa chopha mphaka mwangozi.

Mu 1888 mlimi wina ku Beni Hasan, ku Egypt komweko, anatulukira manda odzaza ndi amphaka oterewa, operekedwa kwa Pakhet, mulungu winanso wamkazi wofanana ndi Bastet. Mu 1890 amphaka pafupifupi 180,000 anawakweza m'sitima kupita ku Liverpool ku England, komwe anawagulitsa pa okushoni, n'kuwapera kukhala feteleza wa m'minda.