Nyumba ya apongozi ku Hove: tikonze kaye kapena tigulitse momwe ililimo?

Sabata yatha ndinalandira imelo yaitali kuchokera kwa achemwali ena omwe ndi nesi kuno ku England, ndipo andilola kuti ndiyankhe pano bola ndisatchule dzina. Nkhani yake ili chonchi. Anakwatiwa ndi mzungu wakonkuno, apongozi awo aakazi anatisiya miyezi itatu yapitayo ndipo asiya nyumba ku Hove, tauni yoyandikana ndi Brighton kumwera kwa England, m'dera la Brunswick, kuyenda pansi mphindi zochepa wafika kale kunyanja. Ndi nyumba zakale zija zogundana khoma ndi khoma, yosanja kanayi kuwerengera ndi zipinda za pansi pa nthaka, ndipo banjalo lakhalamo kuyambira m'ma 1970. Wilo ikunena kuti igawidwe pakati pa amuna awo ndi mlongo wawo. Amuna awo akufuna atenge ngongole aikonze kaye, khitchini yatsopano, mawindo apulasitiki, penti paliponse, pomwe alamu akuti igulitsidwe mawa lomwe. Maejenti atatu abwera kudzaiona, wina wati £1.6 miliyoni, wina £1.7 miliyoni, wachitatu £2.1 miliyoni. Funso lawo ndi loti timvere ndani, nanga tikonze kaye kapena tigulitse momwemo?

Achemwali, choyamba pepani ndi zovutazi, mundipepesereko kwa abambo ndi kwa alamu anu.

Yankho langa ndi loti musatenge ngongole imeneyo. Ndinagwirapo ntchito zaka zingapo mu ofesi ya maloya oona zogula ndi kugulitsa nyumba kuno ku Sussex, ndipo nyumba za mtundu umenewu zomwe ndinaziona zikukanika pa msika sizinakanike chifukwa cha khitchini yakale ayi. Zimakanika chifukwa cha mapepala osalongosoka, chinyezi chobisidwa, ndi mtengo womwe anayambira uli kumwamba. Munthu woti atulutse ndalama zoposa miliyoni imodzi ndi theka pa nyumba ya zaka pafupifupi 200 amabwera ali ndi maganizo ake kale a khitchini yomwe akufuna, yanuyo adzaigumula chaka chisanathe, ndipo sadzakubwezerani ndalama zake pa mtengo. Iye akufuna denga lalitali lija, maluwa apulasitala m'mbali mwa siling'i, sitepe yamatabwa yokhotakhota, malo osonkhapo moto a mwala wa marble. Zimenezo musakhudze.

Za mawindo nde ndikupempheni ndithu muwaletse abambo. Dera la Brunswick linayamba kumangidwa mu 1824 potsatira mapulani a Charles Busby, ndipo nyumba zambiri kumeneko zili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi boma, zomwe amati listed building. Za pa Brunswick Square ndi Brunswick Terrace zili mu Grade I, gulu lapamwamba kwambiri, moti ngakhale penti ya kunja kwake ili ndi lamulo lake la 1976 loti azipenta zaka zisanu zilizonse ndi mtundu umodzi womwewo. Lowani pa tsamba la pa intaneti la Historic England, bungwe losunga mndandandawo, mufufuze adiresi yanuyo, ndi zaulele. Ngati ilipo, kuzula mawindo amatabwa okankhira m'mwamba aja n'kuikapo apulasitiki popanda chilolezo cha khonsolo ya Brighton ndi Hove ndi mlandu, osati kamlandu kachabe ayi, ndipo sukalamba. Khonsolo itha kulamula kuti mubwezeretse momwe zinalili ngakhale patapita zaka zambirimbiri, ndipo amene amasenza zimenezo ndi mwini nyumba wa nthawi imeneyo. N'chifukwa chake loya wa wogula amafunsa kwambiri za chilichonse chomwe chinasinthidwa. Nde mmalo mowonjezera zina, afunseni abambo ndi alamu akumbukire zomwe makolo anasintha m'zaka 50 zimenezi, kaya anagumula khoma kuti zipinda ziwiri zikhale chimodzi, kaya anaika bafa pamwamba, ndipo makalata a chilolezo afufuzidwe m'madilowa a malemuwo zinthu zisanayambe kutayidwa.

Pali china chomwe anthu obwera sachidziwa pa nyumba za ku Brighton ndi Hove. Makoma ambiri akale kumeneko si a njerwa zokhazokha, ndi a chinthu chotchedwa bungaroosh, chomwe ndi laimu wosakaniza ndi miyala ya flint, zidutswa za njerwa, timiyala ta kunyanja, penanso ndi zidutswa za mitengo, amangothira m'chikombole cha matabwa n'kusiya kuti ziume. Ine ndinakhulupirira nditaona ndi maso. Tsiku lina ndinaperekeza mnzanga kukaona nyumba ina chakomweko, titatsikira m'chipinda cha pansi fungo la chinyezi linatilandira pakhomo pomwe, ndiye mmisiri yemwe tinali naye anagogoda khoma ndi chala n'kumveka ngati ng'oma, atasenda pang'ono pomwe pulasitala anatupa mchenga unayamba kuyoyoka wokha, kenako mwala wakuda ngati dzira la nkhuku unagwera pa nsapato yake. Mwini wake wakale anali atamata simenti ndi penti yosalowa madzi poganiza kuti akuteteza, koma khoma lotere limafuna kupuma, mukalitseka madzi amatsekeredwa mkati n'kumalidya pang'onopang'ono. Onjezanipo mphepo yamchere yochokera kunyanja yomwe imadyetsa dzimbiri zitsulo za pakhonde ndi kuwoletsa mafelemu a mawindo. Ndiye mukaitana bilidala wamba kuti "angopakapaka kuti iwale", mutha kulipira ndalama zambiri kuti akuwonongereni nyumba.

Ndalama zomwe ndingavomereze kuti zituluke ndi za madzi basi. Wina akwere aone denga, makamaka ngalande ya kuseri kwa kakhoma ka pamwamba kutsogolo kuja, chifukwa masamba ndi zisa za mbalame za kunyanja zikatseka pamenepo madzi amalowera m'khoma. Mapaipi a madzi a mvula atsegulidwe, pomwe pakudontha pamatidwe, mawindo azitsegulidwa kuti mpweya uzilowa, nthawi yozizira hita iziyaka pang'ono. Komanso lero lomwe imbirani a inshuwalansi muwauze kuti mwini wake anamwalira ndipo m'nyumbamo simukugona munthu. Makampani ambiri a inshuwalansi amachepetsa chitetezo nyumba ikakhala yopanda munthu masiku 30 kapena 60, paipi ikaphulika mu Januwale madzi n'kutsika nsanja zinayi zonse mudzalira nokha.

Chinanso chomwe ndimalimbikitsa ngakhale ogulitsa ambiri sachita, lembani katswiri wa RICS, bungwe la akatswiri oyeza nyumba, wodziwa nyumba zakale adzapange survey ya Level 3, kafukufuku wozama wa momwe nyumba ilili, musanaiike pa msika. Wogula adzabweretsa wake ndithu, ndipo chomwe chimachitika ndi choti mwagwirizana mtengo, mwasangalala, pakapita masabata asanu ndi limodzi akubwera ndi lipoti lamasamba ambirimbiri akuti tichotsepo ndalama zakutizakuti apo ayi ndikusiya. Mukakhala kuti mavuto mukuwadziwa kale, muli ndi makoteshoni a amisiri m'manja, mwawaonetsa kuyambira tsiku loyamba, alibe pogwira. Pajatu pali fomu ya TA6 yomwe wogulitsa amadzaza, ndipo kunama pamenepo kutha kukutsatirani nyumba itagulitsidwa kale.

Tsopano za mapepala, pomwe ndikuona kuti alamu anu akuthamanga. Nyumba ya malemu mutha kuitsatsa, koma simungamalize kugulitsa musanalandire probate, kalata yopatsa mphamvu anthu omwe atchulidwa mu wilo kuti ayendetse chuma cha masiye. Ndipo probate imayenda limodzi ndi msonkho wa chuma cha masiye, Inheritance Tax, womwe ndi 40 peresenti pa chuma chopitirira malire. Malire ake ndi £325,000, kuwonjezerapo £175,000 ngati nyumba ikupita kwa ana, ndipo ngati apongozi aamuna anatsogola n'kusiyira zonse akazi awo, gawo lawo limabwera pamwamba, zonse pamodzi kufika £1 miliyoni. Koma chuma chonse chikadutsa £2 miliyoni gawo la nyumba lija limayamba kuchepa, paundi imodzi pa mapaundi awiri aliwonse opitirira. Msonkhowu umayenera kulipidwa pofika kumapeto kwa mwezi wachisanu ndi chimodzi chimwalirireni munthu, kupitirira apo HMRC, bungwe lotolera misonkho, imayamba kuwerengera chiwongoladzanja, ndiye inu mwatsala ndi miyezi itatu. Gawo la nyumba amalola kulipira pang'onopang'ono kwa zaka 10, koma ikangogulitsidwa zotsala zonse zimafunika nthawi imodzi. Mtengo womwe mulembe ku HMRC usakhale wongomva kwa ejenti, pezani wolembedwa ndi katswiri. Mukalemba wotsika n'kugulitsa mokwera pali msonkho wa phindu, Capital Gains Tax, pa kusiyanako, wofunika kunena ndi kulipira m'masiku 60 mutamaliza kugulitsa. Mukagulitsa motsika m'zaka zinayi chimwalirireni, pali fomu ya IHT38 yopempha kuti akubwezereni msonkho wina. Izi khalani pansi ndi loya wanu aziwerengere pa nkhani yanu yeniyeni.

Mufunsenso loyayo aone ngati nyumbayi inalembetsedwa ku Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa eni malo ndi nyumba. Yogulidwa kalekale ndipo sinasinthe manja itha kukhala isanalembetsedwe, zikatero umboni wonse uli m'mapepala akale aja omanga ndi kansalu, kaya ali ku banki kaya m'katini pansi pa bedi. Ku khonsolo nako auzeni, nyumba yosiyidwa ndi malemu yopanda munthu siilipira msonkho wa khonsolo, council tax, mpaka probate ituluke, komanso mpaka miyezi 6 pambuyo pake ngati isanagulitsidwe.

Za maejenti atatu aja. Awiri ayandikana, mmodzi wauluka ndi £400,000, ndipo ine wachitatuyo ndimamukayikira. Pali chizolowezi choti ejenti amatchula mtengo wokoma kuti musaine naye, akakumangani pa kontilakiti ya miyezi ingapo ayamba kuimba foni kuti msika wavuta titsitseko. Pa Rightmove, tsamba la pa intaneti lotsatsira nyumba, aliyense amaona tsiku lomwe nyumba inaikidwa kapena tsiku lomwe yatsitsidwa mtengo, ndipo nyumba ikakhalitsa anthu amayamba kufunsana kuti kodi ili ndi vuto lanji. Masabata oyambirira ndi omwe ali ndi mphamvu, musawawononge ndi mtengo wa maloto. Aliyense mwa atatuwo mumuuze akuonetseni nyumba zathunthu, osati mafulati, zomwe iye mwini wagulitsa m'deralo m'zaka ziwiri zapitazi, ndi mtengo womwe zinapitira osati womwe anaitanira. Mitengo imeneyo ndi yapoyera, mutha kuitsimikiza nokha ku Land Registry. Muwerengenso bwino ngati kontilakiti ikuti sole agency kapena sole selling rights, chifukwa yachiwiriyo mumamulipira ngakhale wogula mwamupeza nokha, ndipo komishoni yake imakambidwa, musachite manyazi kunenerera.

Mwayi wanu ndi woti nyumba zambiri za m'deralo zinagawidwa kale kukhala mafulati, yathunthu ngati yanuyi sizipezekapezeka. Ogula ake ambiri ndi mabanja ochoka ku London, poti sitima ya ku Victoria ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, agulitsa kwawo ndipo akufuna mpweya wa kunyanja. Koma ndi ochepa, ndipo amawerengera ndithu, chifukwa stamp duty yokha, msonkho womwe wogula nyumba amalipira, ndi 10 peresenti pa gawo la pakati pa £925,000 ndi £1.5 miliyoni, ndi 12 peresenti pamwamba pa apo, asanagule ndi thumba limodzi la laimu. Akabwera awiri, musangoyang'ana yemwe watchula zambiri, funsani kuti ndalama zake zili kuti, wagulitsa kale kwawo kapena akudikira wina yemwenso akudikira wina. Kuno ku England mpaka tsiku la exchange, losinthana makontilakiti osainidwa, aliyense atha kuchoka osalipira kanthu, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Ndatsala ndi chimodzi chomwe simunafunse koma ndachiwerenga m'kalata yanu. Mwalemba kuti abambo amapita kunyumbako Loweruka lililonse n'kukakhala okha maola angapo, ndipo kalendala ya amayi awo ikadali pakhoma la kukhitchini pa mwezi womwe anadwalira. Ine ndikuona ngati nkhani yokonzayi si ya ndalama kwenikweni, ndi munthu yemwe sanakonzeke kutseka chitseko cha nyumba yomwe anakuliramo, ndipo kukonza kukumupatsa chifukwa choti azipitabe. Alamu anunso mwina kuthamangako ndi njira yawo yolirira. Ife tonse tikudziwa kwathu momwe chuma cha masiye chimadanitsira anthu obadwa bere limodzi, komanso momwe chala chimalozera msanga kwa mkazi wobwera. Nde inu musakhale woweruza. Apempheni awiriwo akhale pansi ndi loya, alembe pa pepala mtengo wotsikitsitsa womwe onse angavomere, yemwe aziyankhula ndi ejenti, ndi yemwe akutenga chiyani pa katundu wa m'nyumba, zisanafike poti wogula ali pakhomo. Poti probate itenga nthawi ndithu, miyezi imeneyi apatseni abambo ntchito yomwe ikufunikadi, ayang'anire wokonza denga, asanthule madilowa kufuna mapepala aja, asankhe zithunzi ndi makalata a amayi awo mosathamanga. Loweruka likubwerali pitani nawo, munyamule makatoni ndi fulasiki ya tiyi, muyambire chipinda chapamwamba.