Chifukwa chake mlandu wakupha umayambira kwa majisitireti

Mwafunsa chifukwa chake mchimwene wanu, yemwe akuganiziridwa mlandu wakupha, anakaonekera kwa majisitireti, koma sanafunsidwe ngati akuvomera kapena kukana, mboni sizinabwere, ndipo anangobwezedwa kundende. Pepani amayi, ndikudziwa kuti mtima sukukhala m'malo.

Tsiku limenelo silinali lozenga mlandu. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu akamangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, auzidwe chomwe akumangidwira. Koma majisitireti alibe mphamvu yozenga mlandu wakupha; umenewo ndi wa khoti lalikulu, High Court. Ntchito ya majisitireti pamenepo ndi kumuwerengera mlandu, kuona kuti akusungidwa mwalamulo, kenako kutumiza nkhaniyo kukhoti lalikulu.

Lamulo limalola kuti majisitireti ayambe wamva mboni kuti aone ngati umboni ulipo wokwanira, koma kawirikawiri mkulu woimira boma pa milandu amangolemba chikalata chotumizira mlanduwo mwachindunji. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amavutikira, chifukwa fayilo imatha kukhala miyezi osayenda, munthu ali pa rimandi, inu mukungonyamula nsima m'kontena kupita ku Maula kapena ku Chichiri.

Musadikire kuti akuitaneni. Pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osatha kulipira loya, ndi nambala ya mlandu komanso tsiku lomwe anamangidwa, mupemphe loya. Belo ya mlandu wakupha imapemphedwa ku High Court, ndipo kukhalitsa pa rimandi mlandu usanayambe ndi chifukwa chimodzi chomwe loyayo angapereke kwa woweruza.