Kusintha tsamba loyamba pa Chrome

Achimwene, mwafunsa za kusintha tsamba loyamba. Pa foni ya Android tsegulani Chrome, dinani timadontho titatu tili pamwamba kumanja, mulowe mu Settings, kenako Homepage. Pamenepo lembani adilesi ya tsamba lomwe mukufuna, muzilipeza mukadina kachizindikiro kooneka ngati kanyumba. Pa kompyuta n'zosiyana pang'ono, mumalowera pa On startup mu Settings momwemo.

Ine ndinangoika Google basi. Kuno ku Nkhotakota netiweki imachita kudukaduka, ndiye tsamba la nkhani lodzaza zithunzi linkandidyera bandulo ndisanafufuze n'komwe mtengo wa mpunga.

Koma mukasintha, tsamba lachilendo la zotsatsa malonda n'kumabwereranso lokha, mwina mu foni kapena mu kompyuta yanu mwalowa pulogalamu yoipa. Musalimbane nayo nokha, pitani kwa okonza makompyuta pa boma, ndipo za banki musazitsegule pamenepo mpaka aikonze.