Akusankhani wapampando wa pulojekiti? Makasu adikire kaye

Mayi wina wa ku Thekerani wanditumizira imelo, akuti amusankha wapampando wa komiti yomanga buloko ya makalasi awiri ndiye akufunsa kuti ayambire pati. Mayi, mwandikhudza pachilonda.

Kwathu kuno ku Luchenza tinayamba kumanga holo ya tchalitchi mu 2022, ndipo kuyamba kwake kunali kokoma, amayi kutunga madzi, anyamata kututa mchenga kumtsinje, ena mpaka kugulitsa nthochi kuti asonkhe. Koma pulani papepala panalibe. Mmisiri anangoyeza ndi chingwe n'kukhoma zikhomo, basi makasu pansi. Ndiye msonkhano uliwonse holo ija imakula, lero akuti pakhale siteji, Lamlungu linalo amayi akuti nanga khitchini, kenako akulu ampingo akufuna ofesi, ndalama zili zomwe zija. Mmisiriyo analinso mlamu wake wa msungichuma, anamupatsa ndalama zonse kamodzi eti akagule zipangizo motchipa ku Limbe, ndipo panalibe yemwe analimba mtima kufunsa risiti, paja munthu wamkulu safunsidwafunsidwa.

Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 anapeza zipupa zili pa windo, zopanda ring beam (lamba wa konkire uja amamanga zipupa pamodzi pamwamba pa mawindo), mbali imodzi inagwa. Tikuti tisonkhenso, mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, simenti ndi malata zinakwera moti zomwe tinatolera sizinafike n'komwe pa denga. Pano m'katimo mukugona mbuzi.

Anthu amati vuto linali mphepo ndi kugwa kwa kwacha, ine ndimakana. Mvula kuno timaidziwa kuti imayamba cha mu Novembala, yemwe wayamba chipupa osawerengera kuti denga likhale litakwera isanagwe asanamizire nyengo. Chimene chimapha mapulojekiti kuno ndi "tiona konko" komanso manyazi. Manyazi makamaka. Pitani ku esiteti ya tiyi mukaone, munthu akathyola masamba amayeza pa sikelo n'kulemba makilo ake tsiku lomwelo, palibe zoti ndi mlamu wa kapitawo, koma ife pa ndalama za gulu tikuti kulemba ndi kusakhulupirirana, zoona?

Komanso nkhani ya maalawansi, aaa. Komiti ina imakumana kuti ikambirane tsiku lokumana, Fanta ndi mabanzi zikuchoka m'thumba lomwe lija la simenti. Imeneyo tidzaikamba tsiku lina, ingandiyambanitse ndi anthu.

Ndiye muyambire pati?

Amene anaphunzira zoyendetsa mapulojekiti amati ntchito imadutsa magawo asanu, kuyambitsa, kupanga pulani, kugwira ntchitoyo, kuyang'anira ndi kutseka. Inu musanakumbe, mugwirizane ndi amfumu, a VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) ndi ahedi kuti mukumanga chani, chilembedwe, aliyense asayine, wofuna kuwonjezera chipinda abwere ndi ndalama yake. Ngati ndalamazo ndi za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu) kapena za khonsolo, funsani kwa a zomangamanga ku khonsolo ya Thyolo akupatseni pulani ndi BOQ, ndi pepala lija limanena matumba a simenti angati, malata angati, komanso mufunse za njerwa chifukwa pa nyumba za boma masiku ano akufuna mabuloko a simenti osati zootcha. Tengani makoteshoni atatu (mitengo yolembedwa yochokera kwa ogulitsa osiyanasiyana), ndipo muike kandalama pambali poti mitengo siikhala malo amodzi.

Mmisiri mumulipire pang'onopang'ono, akamaliza maziko, akafika pa ring beam, akakhoma denga, ina yomaliza muisunge mpaka mutayendera n'kuona kuti sipakudontha. Wosunga kiyi wa stoo asakhale yemwe akusunga buku. Mwezi uliwonse muwerenge zolowa ndi zotuluka pamaso pa makolo, mokweza, marisiti ali patebulo. Ndipo msewu wa ku Thekerani mukuudziwa nokha, simenti ndi miyala zifike mvula isanayambe.