Kutentha kwa pansi pa nthaka kukhudzana bwanji ndi zivomezi?

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani akatswiri a zivomezi ku California amatha zaka akupangira limodzi mapu a miyala ndi a kutentha kwa pansi pa nthaka, m'malo mongoyeza zivomezizo. Nkhaniyi yagona pa khalidwe la mwala.

Mwala wozizira ukapanikizidwa umalimbalimba mpaka kuthyoka mwadzidzidzi, ndipo kuthyokako ndiye chivomezi. Koma ukatentha kwambiri umafewa n'kumapindika pang'onopang'ono ngati phula, osathyoka. M'malo ambiri, mukamatsika pansi kutentha kumakwera ndi madigiri Celsius 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Quartz, yomwe imachuluka m'miyala ya granite, imayamba kufewa pa madigiri 300 mpaka 350, pomwe feldspar, yomwenso imapezeka m'miyala yambiri, imapirira mpaka cha m'ma 450. Ndiye malo awiri otentha mofanana atha kusiyana khalidwe ngati miyala yake ili yosiyana. Mapu a kutentha paokha sakwanira, amafunika anzake osonyeza kuti mwala wanji uli pati.

Taonani ku Salton Sea, nyanja ya kum'mwera kwa California: pansi pake n'potentha zedi, ndipo zivomezi zambiri zimayambira pafupi, osafika makilomita 10. Kumpoto chakumadzulo kwake, pa mng'alu wa San Jacinto (mng'alu ndi pomwe matanthwe a pansi pa nthaka anang'ambika n'kumatsetserekana), miyala ndi yozizirirapo ndipo zina zimayambira cha m'ma makilomita 20. Kusiyanaku sikochepa ayi, chifukwa mphamvu ya chivomezi imadalira kwambiri kukula kwa gawo la mng'alu lomwe lang'ambika, m'litali ndi m'kuya momwe.

Vuto n'lakuti palibe anafikako kumeneko. Dzenje lofufuzira la SAFOD, lomwe anabowola pa mng'alu wa San Andreas pafupi ndi Parkfield, linangofika pa makilomita atatu, la ku Cajon Pass pa atatu ndi theka. Zotsalazo n'zolumikizalumikiza. Wina amayeza kutentha m'maenje obowola, wina amafufuza miyala yomwe mapiri ophulika anaitulutsa kuchokera pansi, wina amawerengera liwiro la mafunde a chivomezi, wina amafinya kachidutswa ka mwala mu labotale mpaka kagonje, winanso amatsata ndi GPS momwe nthaka ikusunthira. Aliyense payekha ali ndi kachigawo chabe.

Apa ndi pomwe bungwe la akatswiri ofufuza zivomezi ku California la SCEC, lomwe linayamba mu 1991 ndipo likulu lake lili ku University of Southern California, linachita chinthu chomwe ine ndimachilemekeza. Linasonkhanitsa anthuwa kuti apange zithunzi za pa kompyuta zogwiritsa ntchito onse: Community Fault Model ya ming'alu, Community Velocity Model ya liwiro la mafunde, kenako Community Thermal Model ya kutentha ndi Community Rheology Model ya momwe miyala imathyokera kapena kupindika ikapanikizidwa. Ya kutenthayo imagawa kum'mwera kwa California m'zigawo, chilichonse ndi kakweredwe kake ka kutentha. Aliyense atha kuzitenga pa intaneti. Ubwino wake, akatswiri awiri akapeza zosiyana, amadziwa kuti anayambira pamodzi, choncho n'kosavuta kuona pomwe asemphana. Wina akabwera ndi muyeso watsopano, amakonza chithunzi cha onse, osati chake chokha.

Musamve ngati zimenezi zimalosera tsiku la chivomezi. Zimathandiza kudziwa kukula kwa chivomezi chomwe mng'alu ungabweretse ndi momwe nthaka ingagwedezekere, zomwe omanga nyumba ndi milatho amazifuna.

Chomwe chinandikoka ine pa nkhaniyi ndi mng'alu wa San Andreas. Matanthwe akamakhulana pamayenera kutuluka kutentha, ngati mukapekesa manja. Koma kuyambira cha m'ma 1969 oyeza sanapeze kutentha kowonjezerako m'mbali mwa mng'aluwu, ndipo Arthur Lachenbruch ndi John Sass anatsimikizanso zomwezo mu 1980. Odziwa za kutentha ndi odziwa za mphamvu ya miyala anatsutsana kwa zaka zambiri. Atabowola ku SAFOD mu 2007 anatulutsa zidutswa za m'kati mwenimweni mwa mng'aluwo, n'kupezamo dongo loterera lotchedwa saponite, lomwe limalola matanthwe a pamalopo kutsetsereka osakhulana kwambiri. Ngati madera ena onse a mng'aluwu, womwe ndi wotalika makilomita pafupifupi 1,200, alinso ofooka chomwecho, akatswiri akadakambiranabe.