Musawamangire ana malaya a tie and dye, asiyeni amange okha

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti akufuna kupanga tie and dye ndi ana ake holide ino koyamba, koma akuopa kuti awononga matisheti, ndiye akufunsa ngati angamange okha usiku kuti ana m'mawa angothira utoto.

Mayi, funso lanuli landikhudza. Ine ndinakulira kwa azakhali anga omwe ankapanga tie and dye yogulitsa, nsalu zili mbwee pachingwe kuseri kwa nyumba, koma ife ana ntchito yathu inali kutunga madzi basi. Ukangoyandikira beseni umamva "choka apo iwe!" Ndipo sankalakwitsa, utoto wawo unali uja wosakaniza ndi caustic soda, amene amawotcha khungu, akakugwera m'maso ndi nkhani ya kuchipatala. Komabe mtima unkandiwawa kuona nsalu ikutuluka m'madzi ili yachikasu mobiriwira, kenako ikamenyedwa mphepo ikusanduka ya buluu ine ndikuona, manja ali kumbuyo. Ndinkalakalaka kungomanga kamfundo kamodzi kokha kuti ndidzaloze kuti apa ndinamanga ndine.

Ndiye ayi mayi, musawamangire. Maluwa onse aja amachokera pomanga, pomwe mphira yafinya utoto sulowa, ndiye mukamanga inu malayawo ndi anu ndipo ana amadziwa zimenezi. Tili ndi chizolowezi ife makolo chofuna kuti chilichonse cha mwana chioneke bwino pa Facebook, homuweki timulembere, chojambula timukonzere, ndipo ine ndatopa nacho. Mwana wa zaka zisanu atha kutsina pakati pa tisheti n'kupotokola mpaka ikhale ngati nkhata, inu mungomugwirira pokulunga mphirayo ikamamuvuta. Ku Abeokuta ku Nigeria amayi achiyoruba opanga nsalu ya adire amamangirira timiyala ndi njere m'nsalu kuti patuluke timizere tozungulira, ku Gujarat ku India amatsina nsalu ndi zala n'kumanga ndi ulusi, imatchedwa bandhani. Tumani ana akatole timiyala ndi zitsekerero za mabotolo pabwalo, muona mmene akangalikire.

Za kuwonongazo, pitani pa kaunjika mukasankhe matisheti oyera otchipa, aliyense awiri, mtima wanu ukhala m'malo. Koma chonde werengani kalebulo ka pakhosi kapena m'mbali, pakhale 100% cotton. Zovala zambiri masiku ano ndi polyester, zija zoterera zotentha pa Okutobala, ndipo utoto wa thonje sugwira pamenepo, mukachapa wonse umapita ndi madzi mwana n'kulira ulere.

Zoti mupeze

Utoto wa nsalu za thonje wotchedwa fibre reactive, monga Procion MX, umene kampani ya ICI inatulutsa mu 1956. Umagwira ndi madzi ozizira, palibe zowiritsa pamoto ana ali pafupi. Wa caustic uja usiyeni. Wa fibre reactive umafuna soda ash, ufa woyera wothandiza kuti utoto ugwire pansalu, ndipo si soda wathu wophikira therere ayi, ameneyo ndi wofooka. Mukasowa, thirani soda wophikirayo m'thileyi n'kumuwotcha mu uvuni pa 200°C kwa ola limodzi, amasanduka soda ash. Mukagula kiti yokonzeka kale werengani pa bokosi chifukwa zina soda ash amakhala anasakaniziratu. Magolovesi, timphira kapena malegeni oduladula, majumbo, ndi mabotolo apulasitiki oboola pachitsekerero.

Chapani matisheti kaye, anyikeni kwa mphindi 20 m'malita 4 amadzi momwe mwasungunulamo kapu imodzi ya soda ash, finyani mutavala magolovesi, ana amange nawonso atavala. Ufa wa utoto musungunule nokha ana ali patali, si wofunika kuupuma. Mitundu apatseni iwiri kapena itatu, wachikasu ndi wa buluu zikakumana zimapereka wobiriwira ndipo ana amakuwa akaona, koma wofiira ukakumana ndi wobiriwira zimangokhala zamatope. Pangirani panja pa udzu, ana avale zosatha ntchito.

Akamaliza kuthira, tisheti iliyonse ilowe m'jumbo yakeyake yolembedwa dzina, igone mpaka mawa, utoto umafuna maola amenewo kuti ugwire ndipo apa ndi pomwe ana adzakuvuteni kwambiri, bisani majumbowo. Mawa tsukuluzani ndi madzi ozizira musanamasule, mwana adule kapena amasule yekha mphira zake, kenako chapani ndi madzi otentha ndi sopo mpaka madzi ayere. Ulendo woyamba ndi wachiwiri muzichapa pazokha, osasakaniza ndi yunifolomu ya kusukulu.